AI ndi zida za tizilombo: chimene maboma akuopa ndi zimene akuchita

Kuchokera chakumapeto kwa 2023, nkhani za kunja zakhala zikutchula pamodzi zinthu ziwiri zimene kale sizinkayendera limodzi: AI, mapulogalamu a kompyuta otengera nzeru za munthu, ndi tizilombo toyambitsa matenda. Atsogoleri a mayiko akumanapo kangapo, malamulo alembedwa, lina lafufutidwa lisanathe miyezi 15, ndipo makampani opanga AI alengeza kuti pali mafunso amene makina awo azikana kuyankha. Nkhaniyi ikamafika pa foni ya munthu ku Bembeke kapena pa Kampepuza imakhala itaduka mutu ndi mchira. Wina wamva kuti kompyuta yayamba kupanga matenda payokha, mnzake akuti ndi chiwembu cha mayiko olemera chofuna kubisa nzeru. Chimene chikusokoneza n'chakuti muli nkhani zingapo zimene zaphatikizidwa, ndipo iliyonse ili ndi mbiri yakeyake.

Biosecurity, kuchokera ku khola kufika ku labotale

Mlimi wa nkhumba ku Dedza amaidziwa kale ntchito imeneyi. Chigodola chikagwa m'dera, a zaulimi amaletsa kuyendetsa nkhumba, kupha ndi kugulitsa nyama yake, ndipo okazinga pa chiwaya amayamba aima kaye. Alangizi a ziweto amauza anthu kuti mlendo asalowe m'khola, zakufa zikwiriridwe mozama, zamoyo zisamangoyendayenda. Imeneyo ndi biosecurity ya masiku onse: kutchinga matenda kuti asalowe pa ziweto, pa mbewu kapena m'dziko. Kwathu kuno ntchitoyi ndi yovuta mwapadera, poti pa Lizulu msewu wa M1 ndiwo malire. Ukangooloka tala wafika ku Mozambique, ndipo anthu, mbuzi ndi matumba a mbatatesi zimaoloka tsiku lonse.

M'nkhani za AI, maso amakhala pa labotale, ndipo kumeneko akatswiri amasiyanitsa zinthu ziwiri. Biosafety ndi kupewa ngozi: wogwira ntchito asadzibaye ndi singano, mpweya kapena madzi otayidwa asatuluke ndi tizilombo. Biosecurity ndi kupewa zochita dala: tizilombo tisabedwe, tisagulitsidwe, ndipo amene amasunga kiyi ya firiji adziwike.

Ngozi zachitikapo zambiri. Mu 1978, mayi wina wojambula zithunzi pa yunivesite ya Birmingham ku England anadwala nthomba, imene inkasungidwa mu labotale ya m'nyumba yomwe ankagwiramo ntchito, ndipo ndiye munthu womaliza kufa ndi nthendayi. Chaka chotsatira tizilombo ta anthrax tinatuluka pa malo a asilikali mumzinda wa Sverdlovsk ku Soviet Union n'kupha anthu oposa 60, boma n'kunama kuti anadya nyama yoipa. Mu 2007 matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi anagwira ng'ombe pafupi ndi malo a kafukufuku a Pirbright ku England, ndipo ofufuza analoza chala mapaipi otayira madzi amene anali owonongeka. N'chifukwa chake malabotale amaikidwa m'magulu anayi. Gulu loyamba ndi la tizilombo tosaopsa, lachinayi ndi la tizilombo ngati Ebola, kumene munthu amalowa atavala suti yokhala ndi mpweya wakewake. Labotale ina ya gulu limeneli ili ku Johannesburg.

Za dala zinaonekera ku America mu 2001, pamene makalata okhala ndi ufa wa anthrax anatumizidwa kwa atolankhani ndi kwa aphungu awiri a nyumba ya Senate. Anthu asanu anafa, ena 17 anadwala. A FBI anatseka kafukufuku wawo ponena kuti wochita zimenezi anali wasayansi wa pa labotale ya asilikali a dzikolo, ngakhale iye anafa mlandu usanalowe m'khoti ndipo ena amakayikirabe. Kuyambira pamenepo maboma anayamba kudera nkhawa munthu wam'kati, wodziwa ntchito komanso wololedwa kulowa.

Zida za tizilombo ndi pangano lopanda oyendera

Chida cha tizilombo ndi matenda kapena poizoni wochokera ku zamoyo amene wakonzedwa dala kuti avulaze anthu, ziweto kapena mbewu. Pangano la ku Geneva la 1925 linaletsa kugwiritsa ntchito zida zotere pa nkhondo, koma silinaletse kuzipanga kapena kuzisunga. Asilikali a Japan, kudzera m'gulu lawo la Unit 731, anayesa tizilombo pa akaidi ndi kufalitsa mliri wa makoswe m'matauni ena a ku China pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Kuno kum'mwera kwa Africa, boma la tsankho la South Africa linali ndi ntchito yachinsinsi yotchedwa Project Coast m'zaka za m'ma 1980, yotsogozedwa ndi dokotala Wouter Basson. Zambiri zake zinaululika mu 1998 pamaso pa komiti ya Desmond Tutu yofufuza zoona ndi kuyanjanitsa anthu.

Pangano lalikulu loletsa kupanga, kusunga ndi kupatsana zida za tizilombo linasainidwa mu 1972 ndipo linayamba kugwira ntchito mu 1975. Lero lili ndi mayiko oposa 180. Malawi anasaina mu 1972 koma anadzalivomereza mokwanira mu 2013.

Vuto lake n'lakuti lilibe anthu oyendera. Zida za nyukiliya zili ndi bungwe la IAEA ku Vienna, zida za mankhwala apoizoni zili ndi OPCW ku The Hague, ndipo mabungwe awiriwa amatumiza akatswiri kukalowa m'mafakitale. Pangano la tizilombo lili ndi ofesi yaing'ono ku Geneva ya anthu owerengeka pa zala. Soviet Union inasaina, koma inapitiriza mobisa ntchito yaikulu ya Biopreparat. Mayiko anakambirana kwa zaka zingapo za njira yoyenderana, koma mu 2001 America inakana zimene zinalembedwa, ponena kuti sizingagwire wachinyengo ndipo zingaulule zinsinsi za makampani a mankhwala.

Palinso chifukwa china chosakhudza ndale. Uranium yopangira bomba imafuna mafakitale akuluakulu ovuta kubisa. Tizilombo timapezeka m'nthaka, m'nyama ndi mwa odwala, timaswana tokha, ndipo zipangizo zotikulitsira n'zofanana ndi zopangira katemera. Woyendera atalowa mu labotale akhoza kuona zonse koma osadziwa cholinga cha mwini wake.

Magulu ang'onoang'ono nawo ayesapo. Mu 1984 gulu lina lachipembedzo linaika tizilombo ta salmonella m'zakudya za m'malesitilanti ku Oregon, anthu 751 n'kudwala. Gulu la Aum Shinrikyo ku Japan, limene linali ndi ndalama zambiri komanso anthu ophunzira sayansi, linayesa kumwaza anthrax ku Tokyo mu 1993 koma linalephera; mwa zina, mtundu umene linagwiritsa ntchito unali wofooka, wopangira katemera wa ziweto. Patatha zaka ziwiri linapha anthu m'sitima za pansi pa nthaka ndi mpweya wapoizoni wa sarin. Nkhani ya Aum Shinrikyo ndi yofunika kuikumbukira, chifukwa mkangano wonse wa AI wagona pamenepa. Chimene chateteza dziko kwa zaka zambiri n'chakuti ntchitoyi ndi yovuta kwambiri, ndipo anthu oidziwa bwino ndi ochepa. Funso ndi lakuti AI ingaifewetse kapena ayi.

Kafukufuku wa mbali ziwiri

Mankhwala amene mlimi wa tomato ku Tsangano amagula kuti aphe mbozi ndi omwewo amene amapha munthu akathiridwa m'chakudya. Boma silinaletse kuwagulitsa, poti popanda iwo dimba limatha, koma limafuna kuti akhale olembetsedwa ku Pesticides Control Board, wogulitsa akhale ndi chiphaso, ndipo ena oopsa kwambiri asalowe n'komwe m'dziko. Nzeru za sayansi ya zamoyo zili chimodzimodzi, ndipo akatswiri amazitcha dual use: nzeru imodzi yotha kuchiritsa ndi kupha. Kusiyana kwake n'kwakuti botolo mukhoza kulilanda, koma nzeru ikasindikizidwa yapita.

Mkangano wotchuka unabuka mu 2011. Magulu awiri a ofufuza, la Ron Fouchier ku Rotterdam ndi la Yoshihiro Kawaoka ku Wisconsin, anasintha kachilombo ka chimfine cha mbalame ka H5N1 mpaka kanayamba kufala kudzera mumpweya pakati pa tinyama totchedwa ferret, timene timadwala chimfine mofanana ndi anthu. Iwo anati ankafuna kudziwiratu kusintha koopsa kuti dziko likonzekere. Otsutsa anati apanga chinthu chomwecho chimene tikuchiopa, ndipo akufuna kulengeza njira yake. Atakangana kwa miyezi, zolemba zawo zinasindikizidwa mu 2012. Boma la America linaimitsa ndalama za kafukufuku wa mtunduwu, wotchedwa gain of function, kuyambira 2014 mpaka 2017.

Mbali yabwino ya sayansi yomweyi ife taiona ndi maso. Mu Febuluwale 2022, boma litalengeza kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo, anali akatswiri owerenga chibadwa cha kachilombo amene anaonetsa kuti mtunduwo unali wofanana ndi wa ku Pakistan, ndipo katemera wa khomo ndi khomo anatsatira. Mu Novembala 2021 ofufuza a ku Botswana ndi South Africa anazindikira mtundu wa Omicron wa COVID-19 n'kuuza dziko lonse msanga. Malipiro ake anali owawa: patangopita masiku ochepa America ndi Britain analetsa apaulendo ochokera m'mayiko a kuno, Malawi ali momwemo. Asayansi a mu Africa sanaiwale zimenezi, ndipo zimamveka m'mawu awo akamakambirana za kugawana nzeru.

AI ili mitundu iwiri, ndipo mantha akenso ndi awiri

AI imene ikunenedwa pano ndi pulogalamu ya kompyuta imene inaphunzira poona zitsanzo zankhaninkhani, m'malo mopatsidwa lamulo pa chilichonse chimene iyenera kuchita. Mtundu woyamba ndi wocheza nawo: ChatGPT, imene inatuluka mu Novembala 2022, ndi inzake monga Claude, Gemini, DeepSeek ndi Meta AI imene ambiri aiona mu WhatsApp. Mantha pa mtundu umenewu ndi akuti ungakhale mphunzitsi wosatopa wa munthu wa maganizo oipa, kumusonkhanitsira nzeru zobalalika m'mabuku ambiri ndi kumuuza pamene walakwitsa.

Mtundu wachiwiri anthu wamba sauona. Ndi zipangizo za asayansi zophunzitsidwa pa DNA (mmene mumasungidwa chibadwa cha chamoyo), pa mapuloteni (tizinthu timene timamanga ndi kuyendetsa thupi la chamoyo) kapena pa mankhwala. Chotchuka ndi AlphaFold, cha kampani ya DeepMind, chimene chimalosera kapangidwe ka puloteni, ntchito imene kale inkatha miyezi kapena zaka. Demis Hassabis ndi John Jumper analandira nacho mphoto ya Nobel mu 2024, pamodzi ndi David Baker amene amapanga mapuloteni atsopano. Mantha pano ndi ena: katswiri weniweni angagwiritse ntchito zipangizozi kupanga chinthu chimene chilengedwe sichinapangepo. Mu 2022 ofufuza a kampani ina yaing'ono ya mankhwala ku America anafalitsa zimene anapeza atatembenuza pulogalamu yawo, imene inkapewa mankhwala apoizoni, kuti iyambe kuwafunafuna. Pasanathe maola 6 inalemba mitundu 40,000, ina yofanana ndi poizoni wa nkhondo wa VX. Zinathera pa kompyuta, palibe chimene anasakaniza m'botolo. Mu 2025 ofufuza a ku Stanford ndi Arc Institute analengeza kuti AI yalemba chibadwa chonse cha mavairasi ena, ndipo pa pafupifupi 300 amene anayesa, 16 anagwira ntchito. Amenewa ndi mavairasi odya bakiteriya, osagwira anthu, ndipo chiyembekezo chake n'chothandiza pa matenda osamva mankhwala. Komabe anaonetsa kumene zinthu zikulowera.

Nanga umboni wakuti AI yocheza nayo imathandizadi munthu woipa uli pati? Apa ndi pamene pamafunika kudekha. Mu 2023, ophunzira a pa yunivesite ya MIT ku America osadziwa kwenikweni za tizilombo anapeza mayankho odetsa nkhawa pa ola limodzi. Koma mu Januwale 2024 bungwe la kafukufuku la RAND ku America linayerekeza magulu awiri opatsidwa ntchito yolemba mapulani a chiwembu chongoyerekeza, ena ndi intaneti yokha, ena ndi intaneti pamodzi ndi AI, ndipo silinapeze kusiyana kooneka. Mwezi womwewo kampani ya OpenAI inachita kafukufuku wake ndi anthu 100 n'kupeza kuti thandizo lake linali lochepa. Chaka chimodzi ndi theka chisanathe, mawu anasintha. Mu Meyi 2025 kampani ya Anthropic inakhwimitsa chitetezo pa pulogalamu yake yatsopano, ponena kuti singatsimikizenso kuti ndi yosathandiza pa zida zotere, ndipo mu Julayi OpenAI inachitanso chimodzimodzi.

Anthu amamva zimenezi mosiyana. Ena akuti makina akukula mofulumira, ndipo kudikira umboni wokwanira n'kudikira maliro. Ena akuti kudziwa pa pepala n'kosiyana ndi kutha ndi manja: ntchito ya mu labotale imafuna luso limene munthu amalipeza atalephera kambirimbiri pafupi ndi womuphunzitsa, komanso zipangizo, ndalama ndi nthawi. Palinso okayikira makampaniwo, amene akuti kunena kuti katundu wako ndi woopsa ndi njira ina yomutsatsira, komanso yopempha malamulo amene opikisana nawo ang'onoang'ono sangawakwanitse. Mbali zonsezi zili ndi akatswiri olemekezeka. Chofunika kuti owerenga agwire n'chakuti akukangana za zimene zingachitike, ndipo mayeso ambiri amene atchulidwawa anali a mafunso ndi mapulani olembedwa.

Chipata cha DNA

Chimene AI yalemba chimakhala zilembo pa kompyuta. Kuti chisanduke chamoyo, wina ayenera kupanga DNA yeniyeni, ndipo masiku ano ofufuza ambiri sadzipangira okha. Amatumiza zilembozo ku kampani, n'kulipira, DNA n'kubwera pa positi. Ndi mmene ntchito yambiri ya katemera ndi ya zipangizo zoyezera matenda imayendera. Koma njira yomweyi inathandiza Eckard Wimmer ndi anzake ku New York kupanga kachilombo ka poliyo mu 2002, ndipo gulu la David Evans ku Canada linapanga kachilombo ka nthomba ya akavalo, m'bale wake wa nthomba ya anthu, pa ndalama pafupifupi madola 100,000, n'kusindikiza mu 2018.

Ambiri amaona kuti apa ndi pamene boma lingaike chipata mosavuta, chifukwa makampani opanga DNA ndi owerengeka poyerekeza ndi anthu ogwiritsa ntchito AI. Kuyambira 2009, makampani ena akuluakulu anagwirizana mwaufulu kuti aziyang'ana zinthu ziwiri: oda yafanana ndi tizilombo toopsa kapena ayi, ndipo wogula ndani. Koma si onse amene ali m'mgwirizanowu, m'mayiko ambiri si lamulo, ndipo tsopano kuli makina ang'onoang'ono opanga DNA amene labotale ikhoza kugula n'kuika patebulo. Mu Okutobala 2025 ofufuza otsogozedwa ndi a Microsoft anaonetsa kuti AI ikhoza kusintha zilembo za mapuloteni apoizoni moti zipangizo zounikira maoda osawazindikira. Anakonza zipangizozo asanalengeze, ngakhale sizinafike pogwira chilichonse.

Zimene maboma achita

Britain inaitanitsa msonkhano ku Bletchley Park mu Novembala 2023, kumene mayiko 28 ndi European Union anasaina chikalata chovomereza kuti AI yamphamvu ili ndi zoopsa, kuphatikizapo pa sayansi ya zamoyo. America ndi China anasaina onse. A mu Africa anali Kenya, Nigeria ndi Rwanda. Britain inakhazikitsanso bungwe la boma loyesa mapulogalamu atsopano a AI, ndipo mu 2024 inatulutsa malangizo ounikira maoda a DNA, amene si okakamiza.

Ku America zinthu zakhala zikusintha ndi boma. Pa 30 Okutobala 2023 Joe Biden anasaina lamulo la pulezidenti lofuna kuti opanga AI yaikulu kwambiri azipereka ku boma zotsatira za mayeso awo, ndiponso kuti ofufuza olandira ndalama za boma azigula DNA kwa makampani ounika maoda. Donald Trump analifufuta pa 20 Januwale 2025, ponena kuti limachedwetsa chitukuko cha AI. Koma mu Meyi chaka chomwecho iyenso anasaina lake lokhwimitsa kafukufuku wa gain of function, ndipo ndondomeko yake ya AI ya mu Julayi inabwezeretsa nkhani younika DNA. Ndiye kuti chipani cha Biden ndi cha Trump zimasiyana pa kulamulira makampani a AI, koma pa DNA zimayandikana. Dera la California linakhazikitsa lamulo lakelake mu Sepitembala 2025, lofuna kuti makampani akuluakulu azilengeza ndondomeko zawo za chitetezo.

European Union inasankha lamulo lenileni, AI Act, limene linayamba kugwira ntchito mu Ogasiti 2024 ndipo likulowa pang'onopang'ono. Limakakamiza opanga mapulogalamu amphamvu kwambiri kuyesa ndi kuchepetsa zoopsa zake. China ili ndi lamulo la biosecurity kuyambira 2021 ndi malamulo a AI yocheza nayo kuyambira 2023. African Union inavomereza ndondomeko yake ya AI ku Accra mu Julayi 2024, ndipo mtima wake uli kwambiri pa chitukuko, maphunziro ndi umwini wa deta, kutanthauza zinthu zosonkhanitsidwa ndi kusungidwa pa kompyuta. Za malabotale zili m'manja mwa Africa CDC, nthambi ya African Union yolimbana ndi matenda, imene inayamba ntchito yothandiza mayiko pa biosafety ndi biosecurity mu 2019.

Mfundo imene yavuta onsewa ndi ya mapulogalamu otseguka, monga Llama ndi DeepSeek, amene aliyense akhoza kukopera n'kuika pa kompyuta yake. Mwini kompyutayo akhoza kuchotsa zotchinga zonse, ndipo palibe angamuone. Koma mapulogalamu omwewa ndi amene wophunzira wa ku MUBAS kapena ku MUST angakwanitse kuwatenga n'kuwaphunzitsa Chichewa popanda kulipira madola mwezi ndi mwezi.

Nanga kwathu kuno?

Malamulo amene tili nawo analembedwa poyankha mavuto ena. Biosafety Act ya 2002 inabwera m'chaka cha njala, pamene kunali mkangano wa chimanga cha thandizo cha GMO; Zambia inachikana, Malawi anachilandira koma anafuna kuti chigayidwe kaye kuti anthu asachibzale. Lamulolo limayang'ana zamoyo zosinthidwa chibadwa, makamaka mbewu. Public Health Act ndi ya 1948, nthawi ya atsamunda, ndipo ambiri akukumbukira mmene khoti linaimitsira m'bindikiro wa masiku 21 mu Epulo 2020. Pa za makompyuta pali Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 ndi Data Protection Act ya 2024, zokhudza malonda ndi milandu ya pa intaneti komanso zinsinsi za anthu. Kafukufuku wa zaumoyo amadutsa m'makomiti ovomereza, ndipo kutumiza magazi kapena zoyesa zina kunja kumafuna chilolezo.

Mapulogalamu akuluakulu a AI sapangidwa kuno, ndipo zipata zambiri zimene tafotokozazi zili m'mayiko a eni. Zimene zili m'manja mwathu ndi ziwiri. Choyamba ndi kudziwa zimene zili m'mafiriji a malabotale athu, a anthu ndi a ziweto omwe, ndi amene amazifikira. Chachiwiri ndi kuzindikira msanga matenda achilendo. Mliri, kaya wachokera ku nyama, ku ngozi ya mu labotale kapena kwa munthu woipa, umayamba mofanana: odwala angapo pa chipatala chaching'ono, kapena ziweto kufa motsatizana. Woyamba kuona ndi mlangizi wa zaumoyo ku Kasina kapena mlangizi wa ziweto ku Bilira, ndipo zimadalira ngati uthenga wake ndi zoyesa zifika msanga ku chipatala cha boma, kenako ku Public Health Institute of Malawi kapena ku labotale yaikulu ya ziweto ku Lilongwe. Kolera ya 2022 ndi 2023, imene inadwalitsa anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700, inabwera popanda AI kapena chiwembu cha munthu. Poti ntchito zambiri zaumoyo zakhala zikudalira thandizo la kunja, kutsekedwa kwa USAID mu 2025 kumakhudzanso nkhaniyi.

Pali ngozi ina ya AI imene kwa ife mwina ili pafupi kuposa zonse: mphekesera. Mu 2017 mabodza a anamapopa anaphetsa anthu m'maboma a kum'mwera ndipo ntchito zina zaumoyo zinaima. Nthawi imeneyo kupanga mawu kapena kanema wabodza wa nduna kapena wa dokotala kunkafuna katswiri. Lero foni imatha.

Mafunso amene akadali poyera

Loyamba ndi la muyeso. AI iyenera kufika pati kuti tinene kuti yaopsa, ndipo woyesa akhale ndani: kampani yomwe yaipanga, boma la dziko lake, kapena bungwe la mayiko onse? Kuyesa mokwanira kungafune kupatsa anthu ntchito yeniyeni ya mu labotale, chinthu chimene pachokha chili ndi ngozi, ndipo zotsatira zake sizingalengezedwe zonse.

Lachiwiri likukhudza ofufuza athu. Pulogalamu imene imakana mafunso a tizilombo toopsa siidziwa ngati wofunsayo ndi chigawenga kapena wophunzira wa ku KUHeS amene akulemba za kolera, kapena dokotala wa ziweto wa ku LUANAR amene akulimbana ndi chigodola. Kampani ya DNA ikamafufuza wogula, idzakhulupirira msanga yunivesite yodziwika ya ku Ulaya. Kodi oda yochokera ku Blantyre idzayenda pa liwiro lomwelo? Matenda oopsa ambiri ali kuno, choncho ofunika kuwaphunzira kwambiri ndi omwenso angatsekeredwe kunja.

Kenako pali nkhani ya deta. Opanga Evo 2, pulogalamu ya AI yophunzitsidwa pa DNA, anachotsa dala chibadwa cha mavairasi ogwira anthu pa zimene anaiphunzitsa. Ena akufuna kuti deta yotere izitsekedwa ndithu. Koma pangano la WHO la miliri, limene mayiko anavomereza mu Meyi 2025, likufuna kuti mayiko azigawana msanga tizilombo ndi chibadwa chake, ndipo gawo lonena za zimene wopereka adzalandire, monga katemera ndi mankhwala, linasiyidwa kuti likambidwe padera. Mkangano umenewu ndi wakale: mu 2007 Indonesia inakana kupereka zoyesa za chimfine cha mbalame, ponena kuti makampani amapangira katemera amene iyo singakwanitse kugula. Kutseka deta ndi kugawana deta zidzayenda bwanji pamodzi?

Pangano la 1972 nalo lili ndi gulu limene linakhazikitsidwa mu 2022 kuti likambirane zolilimbitsa, kuphatikizapo nkhani yoyenderana imene inagwa mu 2001. Ena akuti AI ikhoza kuthandiza kuzindikira ophwanya pangano, ena akuti vuto silinakhalepo la zipangizo koma la kukhulupirirana kwa mayiko akuluakulu.

Ndipo kwa dziko ngati lathu pali funso la ndalama ndi la udindo. Kwacha imodzi yomweyo ikufunidwa ndi mjigo, mankhwala a malungo, katemera wa chitopa ndi loko wa firiji ya labotale. Ena akuti ngozi yosaoneka kawirikawiri koma yotha kupha anthu mamiliyoni iyenera kupatsidwa gawo lake. Ena akuti kulimbitsa ntchito yozindikira miliri ya masiku onse n'kokwanira, poti kumateteza ku zonse. Nkhaniyi ikukhudza unduna wa zaumoyo, wa zaulimi, wa zachilengedwe, a chitetezo ndi MACRA. Nanga lamulo lake likadzalembedwa, wolisunga ndi kulitsata adzakhala uti mwa amenewa?